Ndinakalipira Hatchi M'malo mwa Mwini Wake

Ndimaphunzitsa mahatchi kunja kwa mzinda wa Indianapolis, ndipo chimene chanditopetsa pantchitoyi si ziweto ayi, koma eni ake. Bambo Mwale, dokotala wa ku South Bend, ankabwera Loweruka lililonse kudzakwera hatchi yawo. Ankaikoka ndi zingwe za pakamwa ndi kuikwapula mpaka hatchiyo kuiwala zonse zimene ndaiphunzitsa sabata yathunthu.

Tsiku lina anandikalipira: "Iwe Chikondi, umatani kodi kuno? Hatchiyi ikungopusirapusira!"

Ndinapsa mtima kwambiri. Koma ndinangovula chipewa ngati mkamwini, n'kuti, "Pepani bambo, ndiikonza."

Atangochoka ndinalowa m'khola n'kuyamba kuizazira hatchiyo, iyo ikutuluka magazi pakamwa chifukwa cha kukokedwa kuja. Inangondiyang'ana. Mpaka lero ndimadzinyansa. Mawu onse amene ndinawasungira a dokotala ndinakawatula kwa hatchi, imene sikanandichotsa ntchito.