Mmene Yoram Anayankhulira mu Nyuzipepala

Amene munakhalako ku Mzimba boma m'zaka za m'ma 1970 mungamukumbukire Iness NyaKamanga, mkazi yekhayo amene ankapalasa makina osokera pakhonde la sitolo. Matelala ena onse anali amuna, ndipo sankamukonda. Ine ndinkakazinga zitumbuwa kumapeto kwa khonde lomwelo, la sitolo ya a Blackson, choncho zimene ndikunenazi si zongomva.

Iness anali mkazi wa mtchona. Mwamuna wake, Yoram Makwakwa wa ku Engutwini, anapita ku Joni ukwati usanathe chaka. Chaka chotsatira anatumiza makina osokera aja, kenaka zii. Zaka zinapitirira khumi osamva zoti wafa, osamvanso zoti ali moyo. Kwathu kuno ng'ombe za lobola zikalowa m'khola la bambo ako, ndiwe mkazi wa eni ake basi, kaya mwamuna alipo kaya kulibe. Iness mwana analibe. Atatopa ndi kulima munda wa apongozi maso ali kumsewu, anapempha kuti akayese kusoka kuboma, ndipo anamulola monyinyirika. Ankakhala yekha m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Kutchalitchi ankakhala pa benchi ya amayi okwatiwa, koma kumapeto kwenikweni.

Nyuzipepala anaidziwa chifukwa cha ntchito. A Blackson ankagula ya Loweruka, ndipo ikazungulira khonde lonse ankaipereka kwa Iness kuti azidulira mapatani a madiresi. Tsamba loyamba sankalikhudza ndi sizasi, poti masiku amenewo ngakhale mwana ankadziwa kuti chithunzi cha mtsogoleri wa dziko sichidulidwa. Masamba am'kati ndiwo ankasanduka manja ndi makolala. Asanadule ankayamba wawerenga, chala chikutsata mzere, chifukwa Chichewa anachita kuphunzira kusukulu, sanayamwe.

M'katimo munali danga la bambo wina wa ku Blantyre wodzitcha Wapakhonde. Ndimadana naye mpaka lero, ngakhale nkhope yake sindinaionepo. Sabata iliyonse ankapeza cholakwa mwa ife akazi. Tikaphunzira, akuti timanyada. Tikalowa ntchito, taba malo a amuna. Tikaseka pamsewu, ndiye basi tatayika. Amuna apakhonde lathu ankawerenga mokweza n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ife amayi tinkabwezera ndi chimene tinali nacho. Ine danga lakelo ndinkakulungira zitumbuwa kuti mafuta amumate pakamwa.

Loweruka lina Wapakhonde anafika pa akazi a matchona. Analemba kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, ndipo palibe mwamuna amathawa nyumba yofunda. Ukaona wina wachona, anatero, funsa mkazi wake chimene anamuchita. Iness anawerenga zimenezi atayala kale pepala pansalu ya diresi ya mwini. Anaika sizasi pansi. Tsiku limenelo makina ake sanalire.

Lolemba m'mawa anapita kupositi ndi kalata yoyankha, pansi atalemba dzina lake. Anadikira, sinatuluke. Analemba ina, nayonso inamira. Kenaka Wapakhonde anaika mzere umodzi kumapeto kwa danga lake: walandira makalata olira a mayi wina wakumpoto, ndipo wawapereka kwa mayi akunyumba kuti azikolezera moto. Khonde lonse linadziwa kuti mayi wakumpotoyo ndani. Matelala aja anaseka mpaka wina anadzibaya ndi singano, ndipo ine ndinati zamuyenera.

A Blackson sanali munthu woipa. Anamuuza mwachifundo: "Mlamu, mukungotaya masitampa. Kalata ya mwanakazi angaiike ndani? Akanalemba mwanalume, mbwenu yatuluka kale."

Iness anabwerera pamakina ake. Koma sabata yomweyo analemba kalata yachitatu, ndipo anandiwerengera motsitsa mawu tikudya chinangwa masana. Inkati: "Ine ndine mmodzi wa matchona amene mwawanena. Nyumba yanga inali yofunda. Mkazi wanga walima munda wa mayi anga, wamweta udzu wofolera denga, walira maliro a bambo anga ine kulibe. Mwati mwamuna ndi kabudula. Nanga kabudulayo akang'ambika, wosoka chigamba ndani? Kuchona n'kwanga, musamusenzetse iye." Pansi analemba kuti Yoram Makwakwa, Mzimba.

Ndinamufunsa ngati sakuopa. Anati, "Dzina limeneli ndalinyamula zaka zonsezi. Lindigwirireko ntchito kamodzi."

Kalatayo inatuluka yonse, osachotsapo liwu, ataizunguliza ndi mzere. Wapakhonde anaonjezera pansi kuti apa wayankhula mwamuna woganiza, ndipo amuna anzake amve. Ndinafuna kulavula. Pakhonde anaiwerenga mokweza monga mwa masiku onse, koma palibe anaseka. Matelala anazyolika. Iness anapalasa makina ake ngati sakumva, koma ndinaona kuti akumwetulira, ndipo madzulo anaimba nyimbo ya amayi a kutchalitchi akupinda nsalu. Tsamba limenelo sanalidule. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'kabokosi ka makina.

Chimene sitinaganize tonse awiri n'chakuti nyuzipepala ili ndi miyendo. Mphunzitsi wina wa ku Engutwini anaiwerenga, n'kuthamangira kwa NyaSoko, mayi ake a Yoram, kukawauza kuti mwana wawo ali kuboma.

NyaSoko anafika Lachinayi dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'mawondo, tambala womangidwa miyendo ali kukhwapa. Anavala diresi yawo yopitira ku Mgonero. Iness atawaona anadzuka pamakina n'kugwada pansi, manja akuomba.

"Ali kuti?" anafunsa NyaSoko, moni osayankha.

"Ndani, amama?"

"Mwana wanga. Aphunzitsi andiwerengera, pansi palembedwa Mzimba. Wafikira kwa iwe, ine nyina wake osandiona?" Maso awo ankasuzumira m'sitolo, kuseri kwa a Blackson.

Iness anawauza zonse, ali chigwadire. Sanabise kanthu ndipo sanadziikire kumbuyo. Mayi aja anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka anakhala pansi pasimenti, miyendo atatambalitsa ngati pamaliro.

"Ndiye kuti kulibe."

"Kulibe, amama."

"Ngakhale uthenga?"

"Ngakhale uthenga."

"Dzina la munthu sabwereka, mkamwana. Wandiukitsira mwana n'kumuphanso." Sanakalipe. Bola akanakalipa. Tambala uja anaphupha, iwo anamusisita pamsana. Patapita kanthawi anati, "Werenganso. Chonde, ndapota."

Iness anatulutsa tsamba lija n'kuwerenga. Atafika pa munda wa mayi anga, NyaSoko anagwedeza mutu, misozi ikutsika.

"Ndi mmene akananenera," anatero. "Anali mwana wa ulemu chomene. Sakanandiiwala."

Ndinayang'ana Iness. Ndinkafuna anene kuti ayi amama, mawuwa ndi anga, ndawafukula m'chifuwa mwangamu, mwana wanu sanalembepo ngakhale moni. Koma iye anangoti, "Yewo, amama."

Mayi aja anatambasula dzanja. Iness anazengereza pang'ono, kenaka anatenga sizasi, n'kudula kalata ija motsata mzere wake, n'kuipereka ndi manja awiri. NyaSoko anaimanga pakona ya chitenje. Tiyi anakana, kugona anakana. Ananyamulanso tambala wawo, akuti adzamuphera mwini wake tsiku lomwe adzabwere, n'kupita kukadikira lole ya matabwa pamsewu. Iness anawaperekeza mpaka pamphambano, n'kubwerera yekha.

Anasoka pakhonde lija mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Yoram sanabwere. Kunyuzipepala sanalembenso, ndipo dzina la Iness NyaKamanga silinatulukemo ngakhale kamodzi. Wapakhonde anasiya za akazi a matchona, n'kupeza akazi ena oti aziwanena. Ku Engutwini, ndikumva, mpaka NyaSoko anamwalira anthu ankasimba za kalata yabwino imene Yoram analemba poteteza mkazi wake.

Tsamba lija linatsala ndi bowo pakati. Iness analisunga m'kabokosi ka makina mpaka Lolemba la sabata yotsatira, pamene kunabwera mayi wofuna diresi ya mwana wasukulu. Pepala lina panalibe. Analiyala pansalu, n'kulitembenuza uku ndi uku kuti alambalale bowolo, ndipo linakwanira kolala.