Njinga ya a Pearson

A Pearson Kachingwe anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, atalonjeza amayi awo kuti akakangogula njinga ku Joni abwerera. Amayiwo anamwalira akudikira. Njinga sinagulidwe, ndipo pofika 1979 a Pearson anali ndi imvi, akusesabe maluwa a jakaranda pakhomo pa mzungu wina ku Waterkloof, mumzinda wa Pretoria. Kumudzi anali atawaika kale m'gulu la matchona, anthu omwe Joni inawameza. Iwo ankadziwa zimenezo ndipo zinkawadya mumtima. Ubwerera bwanji kwanu chimanjamanja, moyo wonse utathera kwa eni?

Bwana wawoyo anali ndi misala yothamanga. Munthu wa galimoto ziwiri, koma m'mawa uliwonse ali wefuwefu mumsewu ngati akupirikitsidwa ndi agalu. Pa mipikisano ya marathoni, ija ya mtunda wopitirira makilomita makumi anayi, a Pearson ndi amene ankamutsatira pa njinga yakuda ya panyumbapo, atanyamula madzi ndi chinkhupule chomupukutira thukuta. Msewu wonse ankaudziwa, koma ankaudziwira pachishalo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina akutembenuza manyowa, foloko ya m'munda inawalasa phazi lamanja mpaka kulowa ndithu. Anatsuka ndi madzi amchere, anamanga kansanza, n'kukhala chete. Koma kutsimphina sikubisika. Adona, akazi a bwana, anayamba kunena poyera, eni ake ali pomwepo, kuti mdalayu watha, pakufunika gadeniboyi wanyonga. Masiku amenewo ntchito ndiyo inali pasi, chiphaso cholola munthu wakuda kukhala mumzinda. Bwana akangosiya kusaina, Pretoria si malo akonso, uzibwerera komwe unachokera.

Nthawi imeneyo anthu akuda anali atayamba kuloledwa kuthamanga nawo marathoni, choncho a Pearson anapempha bwana kuti awalembetse. Bwana anaseka mpaka kutsokomola, koma anawalembetsa, n'kuwapatsa nsapato zake zakale, zazikulu moti anachita kutsenderamo nyuzipepala.

Mayi Esnat, wophika wa panyumbapo, anali mwana wa Mmalawi wobadwira ku Joni komweko, ndipo ankayendera kuchokera ku komboni ya Soshanguve. Iwo ndi amene anawapezerera kuseri kwa garaja akumasula kansanza kaja. Phazi linali litatupa, likununkha.

“Eish, Achimwene, ili ndi phazi la kuchipatala, osati la mumsewu,” anatero Mayi Esnat. “Ndipo inu mwathamangapo liti?”

“Ndauzungulirako mpandawu, Achemwali.”

“Mpanda! Mukufuna kufa?”

“Ndikapita kuchipatala ndiye kuti ndavomera kuti ndatha. Adona aone ndi maso awo kuti mwendowu ulipo.”

Mayi Esnat anawanena kuti ndi nkhutukumve, ndipo sanalakwe. Komatu munthu wamantha samva malangizo, ndipo a Pearson anali ndi mantha aakulu.

Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kuyamba anayambiradi limodzi, m'mawa kukuzizira, mdala wathu ali pakati pa chikhamu ndi kabudula wa kaki. Poyamba thupi linawanamiza. Phazi linachita dzanzi, mpweya unalipo, mpaka anapitirira azungu angapo amimba, mtima uli mbee. Dzuwa litakwera, ululu unadzuka. Akaponda, zinkakhala ngati foloko ija ikulowanso. Chikhamu chinawasiya, ndipo iwo amene anamwetsa munthu madzi zaka zonse zija analibe wowatsatira ndi dontho lomwe.

Atafika dera la Sunnyside anapeza Mayi Esnat ataima pakona ndi botolo la tiyi wozizira. Mayiwo atayang'ana pansi anagwira pakamwa. Nsapato yamanja inali itafiira, maluwa a jakaranda atamatirira pamagazi.

“Basi, Achimwene, chonde. Khalani pansi, ndipeze taxi.”

“Adona ali kumapeto?”

“Ali komweko.”

“Ndiye ndikawapeza.”

Kuchokera pamenepo sikunalinso kuthamanga, kunali kukoka mwendo. Ankaimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi, mawu n'kumawathawa, n'kuyambiranso. Anthu a m'mbali mwa msewu ena ankaomba m'manja, ena ankangopukusa mitu. Anafika kumapeto akuzula kale mahema. Bwana anali atadikira, ndipo anakuwa dzina lawo mokondwa. Adona nawo anaonadi ndi maso awo. Anaona mdala akuwoloka mzere, anaonanso akugwa chafufumimba, osadzukanso.

Kuchipatala dokotala ananena kuti akanabwera msanga likanangokhala bala wamba. Tsopano linali litaola mpaka m'mwamba, ndipo anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Bwana anabwera kudzawaona, atanyamula malalanje. Sanali munthu wankhanza, koma kapinga sadikira wodwala. Potuluka a Pearson anapeza wina akusesa jakaranda, ndipo pasi yawo sinasainidwenso.

Tsiku lonyamuka ulendo wa kumudzi bwana anawaperekeza kusiteshoni, n'kutsitsa m'galimoto njinga yakuda ija, itapukutidwa mpaka kunyezimira. Anati akukumbukira kuti kalekale a Pearson anamuuza chomwe anadzera ku Joni. Anapereka ndi mtima wabwino ndithu, n'chifukwa chake zinawawa kwambiri. A Pearson anathokoza mwaulemu, atatsamira ndodo zawo ziwiri.

Bwana atapita, Mayi Esnat ndi amene anaikankha njingayo kutsata sitima, misozi ili mbwembwembwe.

“Ndikugulitsireni, Achimwene? Mukaitani kumeneko?”

A Pearson anaiyang'ana nthawi yaitali, chishalo chomwe anachizolowera, mapedulo onse awiri.

“Ayi, Achemwali. Auzeni aikweze bwino, isakalike. Ndinawalonjeza amayi.”