Madzi a m'bondo la amalume

Mafuta opaka maondo akandinunkhira, ndimakumbukira amalume anga, a Saidi, tikutsika phiri la Chikala wapansi kupita ku Liwonde. Bondo lawo linali lotupa ngati chipanda, ndipo kuchipatala anawauza kuti muli madzi.

Ludzu litandigwira panjira, ndinawapempha madziwo.

"Iyayi, awa ndi a pobwerera," anatero osaseka. "Nawenso maondo ako ayamba kudzaza madzi. Ukathamanga potsetsereka atayika. Tenga ndodoyi, uziponda pang'onopang'ono."

Ndinatsika ngati wosenza mtsuko wodzaza, anzanga akundipitirira n'kumandiseka. Kunyumba ndinakana kugwadira alendo kuopa kutaya madzi anga, mayi mpaka anandikoka khutu.

Anzanga othamanga aja lero amaswali mumzikiti atakhala pampando, maondo atawakana. Ine ndikugwadabe, ndi maondo amene bodza la amalume linandisungira.