Mawaya Awiri a ku Namadzi

Tinanyamuka ku Milepa 6 koloko m'mawa Lachisanu, ine ndi Madamu Nampinga, aphunzitsi athu a sayansi. M'thumba la yunifolomu ndinali ndi fulashi yosungira vidiyo yanga yoonetsa choumitsira tomato chimene ndinapanga ndi makatoni ndi pulasitiki. Mpikisano wa sayansi wa atsikana, umene ndinkalowa, unkatseka 4 koloko madzulo tsiku lomwelo, ndipo vidiyoyo inayenera kutumizidwa pa intaneti. Kwathu netiweki imangokwanira kupatsana moni, ndiye tinkapita ku nyumba ina ya makompyuta ku Namadzi.

Akabaza anatilipiritsa wani sauzande aliyense kukafika pasiteji. Amene ananyamula ine anandifunsa ngati ndikudwala dzino, poti nkhani zawo zonse sindinkayankha. Chonsecho ndinkayankha ndi mutu, osakumbukira kuti munthu wopalasa saona kumbuyo.

Minibasi yopita ku boma inadzaza cha m'ma 8. Ndinakhala pakati pa Madamu ndi thumba la nandolo, lomwe mwini wake ankati ndi mwana wake woyamba, lisalipire. Kondakitala anati mwana wa makilo fifite ayenera kukhala ndi chiphaso chovotera. Pa Njuli tinatsika 10 koloko, tinadya mbatata yootcha ya faifi handiredi, kenako tinakwera ya ku Zomba pa tu sauzande. Pofika 11 tinali pa Namadzi.

M'chipindamo munali makompyuta sikisitini, onse ali ndi anthu. Masukulu ena anatiyambirira kufika. Mpata wanga unapezeka 2 koloko, pa kompyuta ya pakona penipeni, pafupi ndi kabati ya mawaya. Ndinakondwa, chifukwa pakona palibe amene amakuyang'ana. Koma theka la ola litatha, vidiyo yanga inali itayenda 9 peresenti basi. Mtsikana wa pambali panga anayamba kulira mwakachetechete.

A Khomba, oyang'anira malowo, anali thukuta lokhalokha. Anauza Madamu kuti amalipira malaini awiri a intaneti, yaikulu ndi yaing'ono, ndipo onse amalowa mu fayawolo, bokosi lotuwa limene limalondera pakhomo pa intaneti ndi kugawa katundu pa malaini awiriwo. Anali atalizimitsa n'kuliyatsanso kawiri. A kampani anawauza pa foni kuti kwawo zonse zili bwino.

Ine ndinkayang'ana bokosilo. Pamene pankalowa waya woyamba, kagetsi kankaphethira osapuma. Pa wachiwiri kanangoti duu. A Khomba anasinthanitsa mawayawo, koma kagetsi kophethira kanali komweko. Ndinalemba mu dayale yanga kuti waya alibe mlandu.

Kenako anatsegula laputopu yawo pa tebulo langa kuti aone mndandanda wa zonse zodutsa mu fayawolo. Mzere uliwonse unkayamba ndi nambala ya kompyuta yotumiza. Ine ndili ndi chizolowezi chokopera chilichonse chimene sindikuchimvetsa, ndiye ndinayamba kukopera. Pa mzere wachikhumi dzanja linaima lokha. Ndinali nditalemba nambala imodzi yomweyo kakhumi.

Ndinanong'oneza Madamu kuti awauze. Anandiyang'ana, n'kunena kuti pakamwa ndabwera napo kuchokera ku Milepa ndipo sipanalipire kabaza pachabe. Nthawi inali 3 koloko. Ndinaimirira n'kuyang'ana a Khomba.

"Pepani achimwene, muno tilipo sikisitini, koma bokosili likuona munthu mmodzi."

"Wati bwanji, chemwali?"

Ndinawapatsa dayale, chinthu chimene sindinapatsepo munthu, ngakhale amayi. Anawerenga, anayang'ana laputopu, kenako anagwada n'kulowa pansi pa tebulo. Anatuluka ndi karauta, kabokosi kogawa intaneti, koyera koma kodzaza ndi fumbi.

Anaulula akuseka mwamanyazi. Sabata yapitayo amayi ogulitsa zitumbuwa pakhonde anawapempha intaneti ya pa foni, ndipo iwo sakanakana anthu amene amawapatsa zitumbuwa zotentha m'mawa uliwonse. Anagula karautako, ndipo poti waya wautali analibe, anadutsitsa chipinda chonse m'menemo. Karautako kamatumiza za aliyense m'dzina lake, ngati monitala wopereka makope a kalasi yonse ku ofesi. Fayawolo imasankhira nambala iliyonse laini yake. Poona nambala imodzi, inkatithira tonse pa laini imodzi, yaing'onoyo, yaikulu ili khale.

Kukonza kwake kunali koopsa. Anayenera kudula aliyense, kulumikiza chipinda mwachindunji, ndipo tonse tiyambirenso pa ziro. Mphunzitsi wina wa sukulu ina anakana, nati ana ake afika 40 peresenti, sangataye zimenezo chifukwa cha kabuku ka mwana. Madamu anamufunsa kuti 40 imeneyo aipeza m'maola angati. Anati atatu. Ataona kuti kwatsala nthawi yosakwana ola, anavomera.

3:10 a Khomba anazula waya. Tinazimitsa makompyuta n'kuyatsanso kuti iliyonse ilandire nambala yake. Ine sindinayang'ane sikirini. Maso anali pa kagetsi kachiwiri. Kanaphethira kamodzi, kenako kawiri, kenako kanayamba kupikisana ndi kanzake. Pa laputopu mndandanda unadzaza manambala osiyanasiyana. A Khomba anapeza yanga, nati yagwera pa laini yaikulu.

Vidiyo yanga inafika 3:38. Ya mtsikana wolira uja inafika 3:45, ndipo anandigwira dzanja. Womaliza anatumiza kutatsala mphindi zisanu. Mphunzitsi uja anafunsa Madamu dzina langa ndi fomu imene ndili. Karautako a Khomba anakalumikiza pakokha, kuti amayi a pakhonde asavutike, ndipo amayiwo anatipatsa zitumbuwa zinayi za pa ulendo.

Pobwerera Madamu anafotokozera minibasi yonse nkhaniyi, kuyambira pa Namadzi mpaka pa Njuli, ine nkhope ili pawindo. Tinafika kunyumba kukuyamba mdima.

Ndinkaganiza kuti zinthu ngati zimenezi amakonza ndi anthu odziwa mayina a zida zonse. Ine mayinawo ndinawamva tsiku lomwelo. Ndinangoyang'ana bwinobwino, kenako ndinalankhula chiganizo chimodzi, ndipo chovuta chinali chachiwiricho. Kaya ndipambana kaya ayi, oweruza aonera mavidiyo sikisitini ochokera pa Namadzi, ndipo imodzi ndi ya tomato wanga.