Madontho Awiri a Mwalimu Mwakalinga

Mwalimu Mwakalinga, mphunzitsi wa masamu, sankajambula mzere asanaike madontho awiri. Pa bolodi la kalasi yake ku Tukuyu analembapo kalekale, ndi penti yoyera, mizere iwiri yopingasana, woima ndi wogona. Ankayamba wadontheza choko pamene mzere watsopano udzadule woimawo, kenako pamene udzadule wogonawo, n'kugoneka nsungwi yake pamadonthopo.

"Mu y = 2x + 4, folo uyu ndiye khomo la mzere," ankatero. "Mukamusandutsa sikisi, nsungwi yonse ikwera osapendekeka, dontho lapansili lithawira kumanzere. Koma mukakulitsa thuu, nsungwi iimirira. Lam'mwambali silisuntha, lapansili liyandikira pakati. Wamva, Lusajo, kapena mutu udakali ku nthochi za amayi ako?"

Mwaisumo, mphunzitsi wamkulu, anakulira naye limodzi. Ndiye anayamba kuona kuti mnzakeyo akumalowa m'kalasi chopapasa khoma, ndipo akumazindikira anthu akayankhula. Ankadziwa kuti akakanena ku ofesi ya maphunziro, amupumitsa ntchito. Kunyumba Mwakalinga analibe womudikira. Mkazi wake anamwalira, ana ali kutali.

"Achimwene, masowa bwanji?" anamufunsa tsiku lina akumwa tiyi.

"Akuona bwinobwino kuti mwandimana shuga, ndevu zanuzo."

Anaseka onse, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pa tchuthi mabolodi onse anapakidwa penti yakuda. Analamula ndi Mwaisumo yemwe, osakumbukira za mizere ija. Sukulu itatsegulidwa, anadutsa pawindo la kalasiyo n'kusuzumira m'katimo.

Mwakalinga anali kutsogolo, nsungwi m'khwapa. Anatambasula dzanja n'kudontheza choko pa bolodi lakuda bii, lopanda kanthu.

"Apa tadula woima pa folo. Nanga wogona timudula pati, Tumpale?"

Mtsikanayo anayang'ana anzake. "Masitepe awiri kumanzere, Mwalimu."

Mwakalinga anaika dontho lachiwiri. "Ukuona? Zonse zili poyera."

Palibe anaseka. Ana anawerama n'kujambula m'makope mizere imene pabolodi panalibe. Apo Mwaisumo anadziwa kuti anawo akhala akumubisira mnzakeyo kwa nthawi yaitali, ndipo mayeso awo anali pafupi.

Lachisanu Mwaisumo anakwera basi kupita ku ofesi ya maphunziro ija kukanena za maso a mnzakeyo. Atabwerera analowa m'kalasimo ana ataweruka. Madontho awiri aja anali pomwepo, lililonse pamalo pake penipeni. Anatenga chofufutira, n'kuchibwezanso patebulo.