Masamba a Buku la a Shehe M'malichero

Chaka chomwe madzi a Shire anatithamangitsa kumudzi, tinkagona m'kalasi pasukulu ina kwa Malemia, ine ndi mwana wanga wakhanda. Pafupi ndi mphasa yathu panali a shehe okalamba ndi akazi awo, Asilamu okhawo pakati pathu. Sindinkawalankhula. Manyazi ndinabadwa nawo.

M'mawa wina mayiwo anandikodola. "Iwe make mwana, maso ako ali bwino? Bambo akowa anapulumutsa buku, magalasi n'kusiyira ng'ona."

"Magalasi amagulitsa pa Bangula," anatero a shehe. "Ili ukaligula kuti?"

Linali buku la mankhwala, lolembedwa pamanja m'Chiarabu ndi agogo awo, amene anakaphunzira kugombe ku Mozambique. Silinasindikizidwepo, ndipo linalibe linzake. Masamba ake sanali osokedwa, ankangokhala m'chikopa. Pothawa madzi, masambawo anagwa, n'kunyowa, n'kusokonekera. Manambala analibe. A shehe anati dzina la mankhwala likakumana ndi muyezo wa tsamba lina, wodwala akhoza kufa, choncho buku losokonekera kuli bwino kulikwirira.

Anandiuza kuti ndisambe m'manja. Kuliika pansi sankalola, ndiye tinayanika masambawo m'malichero, pamthunzi.

"Koma ine sukulu ndinalekera panjira," ndinanong'ona.

"Sindikuti uwerenge, mwana wanga. Kuseri kwa tsamba, pansi kumanzere, pali kamawu kali kokha. Komweko ndi koyamba pa tsamba lotsatira, pamwamba kumanja. Iwe uzingofananiza."

Ndinayamba. Kena kanali ngati mbedza ya timadontho tiwiri, kena ngati bwato lopanda munthu. Ndikapeza tofanana ndinkajambula ndi chala pachikhatho cha mayiwo, iwo n'kujambula pa cha amuna awo. A shehe ankatchula mawuwo, kenako n'kupitiriza pamtima maso ali chitsinzinire: bwemba pa kutentha thupi, uchi pa chilonda, kagwiridwe ka mtsempha wa pamkono. M'mphepete munali tizilembo tofiira ta bambo awo, amene anawonjezera mitengo ya kuchigwa kuno, mlambe ndi nimu.

Tsamba lina linali la mwana amene akumera mano. Ndinayang'ana wanga ali kubere. Munthu amene sanatidziwe anakhala pansi kalekale, cholembera m'manja, kuganizira nkhama za mwana ngati uyu.

Pomaliza kamawu kamodzi kanasowa mnzake. Tinakutumula nsalu, tinasuzumira m'chikopa, tinayang'ana ngati masamba ena anamatana. Ayi ndithu. Tsambalo linapita ndi madzi.

Ine ndinkaopa kuti a shehe atiuza tikumbe dzenje.

"Ndi pamodzi pokha?" anafunsa.

"Pamodzi pokha, agogo."

"Ikapo chizindikiro. Wowerenga akafika pamenepo aziima, asalumphe."

Ndinang'amba kansalu kumphepete kwa mbereko ya mwana wanga n'kukagoneka pakati pa masamba awiriwo. A shehe anakapapasa ndi chala, anatseka chikopa, n'kumanga chingwe.