Amayi Ochapa ndi Chala Chakuphazi

Lachiwiri lapitali mpingo wathu unaika m'manda mayi amene ambiri tinkangowatcha Amayi Ochapa. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo pogwada ankatsamira dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali lokhota. Ndi ochepa amene ankadziwa chimene chinalikhotetsa.

Bambo awo anali msilikali amene anabwerako kunkhondo ali wamoyo, koma tulo take sitinabwerenso mwakale. M'mawa wina, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mayiwa anatumidwa kukadzutsa bambowo, ndipo anawagwedeza paphewa. Bambowo asanatsegule n'komwe maso, anagwira kadzanja ka mwana wawo n'kukapotokola mpaka fupa linathyoka. Atazindikira, analira kuposa mwanayo. Mayi a mwanayo pomanga dzanjalo sanakalipire aliyense. Anangoti, "Msilikali sadzutsidwa paphewa, mwanawe. Uziima kumiyendo, umugwire chala chakuphazi, kenaka umuitane. Akatsegula maso ayambe waona nkhope yako."

Atakula anakwatiwa ndi msilikali nawonso. Nkhondo ina itabuka mwamunayo anapita, ndipo chimene chinabwerako ndi kalata yokha. Anatsala ndi ana awiri aang'ono. Anapeza ntchito yochapa m'nyumba yosamalira asilikali okalamba ndi akazi amasiye a asilikali, ndipo anaigwira zaka makumi atatu ndi chimodzi. Popinda bulangete lililonse ankatchula mwini wake kwa Mulungu. "Kulalikira sinditha," ankatero, "koma amene ndamuchapira ndamupempherera." Panali mayi wamasiye wina amene ankasunga jekete la malemu mwamuna wake pansi pa pilo. Anamwino ankadandaula kuti lada, koma Amayi Ochapa sanalole kuti lilowe m'madzi, chifukwa mayi wamasiyeyo ankati likadali ndi fungo la mwamunayo.

M'nyumbamo munali nkhalamba ina imene onse ankaitcha Sajeni. Anali munthu wanthabwala, ndipo ndiye ankawatcha Amayi Ochapa kuti Mkulu wa Sopo. Mkazi wake ankabwera masana alionse, akuyendera ndodo, kudzakhala pambali pa bedi lake. Kutabwera namwino watsopano, mtsikana wakhama pantchito, anadzutsa Sajeni paphewa kuti amwe mankhwala am'mawa. Sajeni anaponya chibakera, mlomo wa mtsikanayo n'kung'ambika. Dokotala ndi namwino wamkulu anagwirizana zoti nkhalambayo isamutsidwire ku chipatala cha odwala maganizo, kutali kumene mkazi wake sakanatha kufikako ndi ndodo yake.

Amayi Ochapa anamva nkhaniyi akuyanika zovala. Mu ofesi ya namwino wamkulu anali asanalowemo chiyambire, kupatula pokatenga matawulo akuda. Anaima nthawi yaitali pakati pa zingwe zoyanikira akupemphera. Kenaka anapukuta manja n'kukagogoda.

"Pepani, asisitala, ndili ndi mawu pa nkhani ya a Sajeni."

"Amayi, zimenezo n'za madokotala. Matawulo aja auma?"

"Auma. Koma bambo aja si amisala ayi. Tikuwadzutsa molakwika."

Anatambasula dzanja lokhota lija patebulo. "Ili anathyola ndi bambo anga ondibala, ndipo pa ana awo onse ankakonda ine."

Namwino wamkulu anayang'ana dzanjalo kwa kanthawi, kenaka anati awapatsa m'mawa umodzi wokha woti aonetse kadzutsidwe kawoko. Zikakanika, galimoto ibwera kudzatenga Sajeni.

Kutacha, Amayi Ochapa analowa m'chipinda cha Sajeni pamodzi ndi mtsikana uja, mlomo wake ukadali wotupa. Namwino wamkulu anaima pakhomo.

"Imani apa kumiyendo, mwanangu. Gwirani chala chachikulucho. Musakoke, sichizuka."

Mtsikanayo anagwira. "A Sajeni, kwacha."

Nkhalambayo inatsegula maso pang'onopang'ono, n'kuyang'ana anthu awiriwo. "Mkulu wa Sopo, zovala zatha kuti muyambe kuchapa mapazi?" Kenaka inaona mlomo uja. "Wakuchita zimenezi ndani, mwanawe? Ndiuze ndikamuone."

Sajeni anayang'ana dzanja lake, n'kuphimba kumaso ndi bulangete. Amayi Ochapa anali ataonapo kale kulira kotere. Anauza mtsikanayo kuti akhale pampando adikire, ndipo Sajeni atavundukula nkhope anamwa mankhwalawo kuchokera m'dzanja la mtsikanayo.

Galimoto sinabwere. Sajeni anakhala zaka zina ziwiri m'chipinda chomwecho, ndipo anamwalira mkazi wake ali pambali. Kuyambira pamenepo namwino aliyense watsopano ankatumizidwa kaye kochapira asanaone wodwala. Ena ankadabwa, atanyamula mapepala awo a sukulu, kuphunzitsidwa ndi munthu wonyowa manja. Akawathokoza, mayiwa ankati, "Si nzeru zanga, n'za amayi anga."

Miyendo itayamba kukana, anapatsidwa bedi m'nyumba yomweyo monga mkazi wamasiye wa msilikali. Sanadandaule za ululu, koma za mabulangete, kuti achinyamata akupinda mothamanga osatchula mwini wake. Lamulungu lililonse ana awo ankawabweretsa kutchalitchi pa njinga ya olumala, ndipo ankapempha malo awo akale pafupi ndi khomo.

Loweruka m'mawa, mtsikana uja, amene tsopano ndiye namwino wamkulu, analowa m'chipinda chawo ndi mankhwala. Anaima kumiyendo monga anaphunzitsidwira, n'kugwira chala chakuphazi. "Amayi, kwacha." Anaitana katatu. Mayiwa anali atagona chagada, nkhope ili phee, dzanja lokhota lija lili pamwamba pa Baibulo. Anali atatisiya.

Sanasiye nyumba kapena munda. Koma m'mawa uliwonse, m'zipinda zija, nkhalamba zimene zinaona nkhondo zimadzuka n'kuyamba zaona nkhope ya munthu. Mulungu amene ankamutchulira mayina a ena awalandire mu mtendere wake.